Manja a Feston

Mwana wanga adakulira kuno ku Makwasa,
kumene madzi akuya ndi a mumgolo wa pakhonde.
Kusambira adaphunzirira m'khwawa lolekeza m'mawondo,
ndiye atati akukalowa usilikali wa pamadzi
amake adaseka mpaka kutsokomola:
"Iwe, woopa ndi mlatho wa Thuchila womwe?"

Ine ndidangoti duu.
Zaka makumi awiri ndakhala ndikusonkhezera boyila
pa fakitale ya tiyi, nkhuni za bulugama usiku ndi usana.
Moto ndimaudziwa ngati mlamu wanga.
Mumtima ndidati bola iyeyu wasankha madzi.

Kudalibe nkhondo.
Apa ndi pamene anthu amandiyang'ana kawiri ndikamafotokoza.
Lidali Lachiwiri wamba, ena akuchapa mayunifomu,
wophika akukangana ndi wina za mchere,
pamene paipi ya dizilo idaphulika m'chipinda cha injini,
pansi penipeni, potsika chafutambuyo pa makwerero achitsulo.
Anyamata awiri utsi udawatsekera momwemo.
Mtunda sunkaoneka mbali iliyonse.

Feston adanyowetsa bulangeti nalifunda.
Kopolo Mwakibinga adamumanga chingwe m'chiuno nagwira nsonga yake.
Sajeni Nankhonya, mayi wa ana awiri,
adakumbatira paipi yamadzi yomwe inkaphiriphitha ngati nsato.
Chotsekera mafuta chidali chitachita kufiira.
Chimafuna kupotokola kasanu ndi kawiri, akutero.
Adachigwira ndi manja onse awiri, akuwerenga.
Mmodzi adamukoka pakolala,
winayo adamubereka kumsana.
Wakumsanayo, Twaibu, adakhala ndi moyo masiku anayi.

Kenako perete, malipenga, nsapato zonyezimira.
Bwana wamkulu atamupachika mendulo pachifuwa
adatambasula dzanja kuti ampatse moni,
nalibweza ataona mabandeji.
Ife tinkamvera pa wailesi, mabatire akutha,
ndipo dzina lathu adalitchula lopanda mpweya:
Namakwa, m'malo mwa Namakhwa.

Wafika dzana pa kabaza, chiperoni chikuwaza.
Amayi otchola tiyi adatula madengu m'mizere, nthungululu mpaka kumsewu.
Ana adamuzinga kuti aone ndalama yaikulu ya pachingwe.
Akumpingo akuti Lamulungu abwere atavala yunifomu.
Iye adangoti, "Tidalipo atatu.
Ndipo kwa Twaibu ndidachedwa."

Madzulo amake adamusendera nthochi.
Batani limodzi la malaya amalimbana nalo
ngati mfundo ya chingwe chonyowa.
Nditati ndimuthandize adandiyang'ana, ndidabweza dzanja.

Ndidayala manja anga pafupi ndi ake, patsinde pa nyali.
Anga ali ndi tizipsera ta malipiro a pamwezi,
palibe adatiimbira lipenga, ndipo sindidandaula.
Ake ndi osalala ngati kamwana ka mbewa,
mizere ya m'chikhatho idafufutika,
ija amake ankati ikulosera chuma.
Ndidafunsa funso lokhalo limene wapaboyila angafunse:
"Chinkazungulira kumanja kapena kumanzere?"
Adaseka, koyamba chifikireni.
"Kumanja, bambo. Si mudati kumanja ndi kutseka?"
Sindikumbuka kuti ndidamuuza liti.
Mwina tsiku lina atandibweretsera chinangwa kuntchito,
ali ndi kabudula wong'ambika kumbuyo,
ine ndikumuthamangitsa kuti kapitawo asamuone.

Mendulo amake aikulunga m'kansalu,
ili m'chitini cha mabisiketi
pamodzi ndi khadi lake la kusikelo ndi mtchatho wathu.
Tchuthi chitha Loweruka. Akuti abwerera kusitima.
Amake sakusekanso.

M'mawa uno ndamupeza pamgolo paja,
manja onse ataviika m'madzi amvula,
maso ali ku minda ya tiyi, milomo ikuyenda.
Sindidamve ngati lidali pemphero
kapena akadawerengabe.