Gawo Lachiwiri

Lamulungu lililonse, naini koloko usiku,
ndikatha kugawa mankhwala m'timakapu tapulasitiki,
timasonkhana pabalaza la nyumba ya okalamba
kuno ku Scarborough, kumene mphepo ya kunyanja
imagogoda pazenera ngati wangongole.

Gawo lachiwiri layamba.
Chinyumba chija chabweranso pa kanema,
mahatchi, magolovesi, makandulo,
ndi mzere wa mabelu oitanira antchito kukhitchini.

Mayi Ollerenshaw akuti aliwononga seweroli.
"Loyamba linali ndi ulemu.
Ili n'kupsompsonana basi, m'khola la mahatchi,
kuseri kwa mabuku, ngakhale pobwera kumanda."
Koma sanaphonyepo ndime ndi imodzi yomwe,
ndipo wina akatsokomola milomo ikuyandikana
amamuyang'ana ngati waba chopereka.

A Pickersgill nkhani yawo ndi mabatani.
Zaka makumi anayi anasoka majekete ku Leeds.
Mwana wa bwana akutsirizika ndi chifuwa chachikulu,
balaza lonse lili fwenthefwenthe,
iwo ali: "Taonani zipi kumsana kwa diresilo!
Chaka chimenecho zipi anaitenga kuti?"

Ndaziona, mnzanga wa shifiti ya usiku, wa kwa Bvumbwe,
akuti amuphera munthu wake,
kamtsikana kotsuka mapoto, ka manja ong'aluka,
kamene kanadziphunzitsa kuwerenga
pa nyuzipepala yokulungira nsomba.
Gawo loyamba lonse tinakalera limodzi.
Lino angokapereka kwa chimfine m'ndime yachitatu,
ati wosewerayo wapeza ganyu yonona ku Amereka.
"Ngakhale m'sewero, wosauka ndiye ndiwo,"
akutero Ndaziona, akupinda matawulo ngati amulakwira.

Nanga iwe? andifunsa.

Ine ndimayang'ana tiyi.
Ndime iliyonse amabwera pa thireyi yasiliva,
nthunzi ili tolotolo, supuni ili ngwee,
ndipo palibe wofunsa anathyola masambawo ndani.
Agogo awo a bambo anga, a Chimwaza,
anapindika msana pa thangata ku Thyolo
zaka zomwezo za magolovesi oyerawa.
Mwina dengu lawo lina linathera m'kapu imeneyo.
Sindinena. Ndimangoti diresi lobiriwira lija n'lokongola.

Gawo lino abweretsamo munthu wakuda mmodzi,
wamtali, wa kolala youma, wotsegula chitseko.
Ndamuwerengera: ndime zisanu, wayankhula kasanu ndi kawiri,
kanayi konse ndi "Inde, bwana."
Olemba m'nyuzi akuti uku n'kupita chitsogolo.
Kaya.
Ine ndimadikira kamera imutsate pamasitepe
mpaka kukachipinda kake ka kudenga,
avule nsapato tione ngati zimamuthina,
tione ngati pansi pa pilo pali kalata,
ndi chinenero chimene amatukwanira akapunthwa chala.
Kamera imatsala pansi ndi ovina.

Komabe ndisaname, landigwira.
Dona wamkulu uja akakweza nsidze imodzi
ndimaona azakhali anga a ku Luchenza
tsiku lomwe ndinabwera ndi chibwenzi chovala ndolo.
Pamene wophika anaponya kalata ija pamoto osaitsegula
ndinanamizira kuti m'maso mwalowa sopo.

Usiku uno ndi ndime yomaliza.
Mkwati waima pakhomo la tchalitchi, mkwati wina wake sakuoneka,
mvula yayamba, hatchi ikuthamanga kuchokera kutali,
belu lalira.
Tonse tayang'ana kanema.
Ayi, ndi lathu, chipinda nambala seveni.
Ndaziona ali ndi matawulo m'manja. Ndanyamuka ine.

Pobwerera ndapeza maina akukwera pagalasi,
a Pickersgill ali mkonono.
Mayi Ollerenshaw andigwira dzanja kuti andiuze mathero.
Akuti mnyamatayo anafika, atanyowa chonyowa,
atavala suti yobwereka kwa mkulu wake,
ndipo atatha ukwati anakwera basi kupita ku Whitby
nadya nsomba ndi tchipisi pakhoma la doko,
mbalame n'kumulanda yake.
M'seweromo mulibe basi.
Ndawafunsa kuti kenako chinachitika n'chiyani,
ndikuwakonzera bulangete pamaondo.