Thireyi Pansi pa Injini

Ntchito yanga ndi kutchera thireyi pansi pa injini.
Ndege iyi imadontha ngati mphuno ya nkhalamba m'chisanu,
zaka makumi asanu ndi atatu, kufa ikukanabe.
M'mimba mwake, momwe munkagona mabomba,
lero timasungamo nsanza ndi sipanala.

Loweruka kuno ku Lincolnshire, mvula yawaza n'kuleka.
Anthu afika ndi mipando yopinda, tiyi m'mafulasiki,
ana thonje m'makutu, ayisikirimu akuyenderera m'zigongono.

Rhodri wakwera, wandikwezera chala.
Injini yatsokomola kawiri, yalavula utsi,
kenako yabangula,
udzu wonse wagona chafufumimba.
Yapita.

Onse maso kumwamba, kukamwa yasa.
Koma pampanda pali Bambo Ottokar,
chaka ndi chaka malo omwewo, chipewa chomwecho.
Ndege ikamadutsa chapansipansi iwo sayang'ana.
Amawerama, manja pamutu, milomo ikugwedera:
chimodzi, ziwiri, zitatu...

Anandiuza tsiku lina tikudikira basi:
ku Hamburg, ali ndi zaka zisanu,
mayi awo anawaphunzitsa kuwerenga mumdima,
m'chipinda chapansi pa nthaka.
Ukafika khumi uli moyo, mwanawe,
ndiye kuti lagwera ena.

Afika khumi. Aweramuka.
Awomba nawo m'manja,
mochedwerapo pang'ono.

Madzulo yatera, yotentha, zitsulo zikuthetheka.
Anthu apita, asiya makapu m'matope.
Ndagwada, ndabwezera thireyi pamalo pake.
Tho.
Tho.
Ndangozindikira kuti nanenso ndikuwerenga.