Nyenyeswa za m'Chitini

Dongo langa limabwera pa minibasi ya ku Limbe,
m'timapaketi ta mtengo womwe sindiwauza amayi.
Silidziwa dambo, silinaonepo khasu.
Ndimalipapatiza ndi botolo pa galasi la windo losweka
kuseri kwa golosale ya Che Mbwana ku Mpondasi,
n'kudula ndolo ndi lezala,
ndipo ndolo iliyonse imasiya kachidutswa,
kachikasu, kobiriwira, kofiira ngati tsabola wa kambuzi.
Ndinkasesera kudzala.

Asifati, oumba mbaula tsidya la msewu,
anandipeza tsiku lina tsache lili m'manja.
Anatola kamodzi, nakanunkhiza, nakaluma.
"Ili si dothi," anatero akulavula,
"koma unaligula."

Iwo dothi amasankha ndi mano.
La makande la ku Chimwala, akuti, limamvera chala
koma likauma limang'aluka ngati chidendene cha m'chilimwe.
La pachulu ndi lamakani, limafuna kugona m'madzi masiku atatu.
Loyera la ku Malindi n'labwino kapu ya alendo,
osati mbaula yopsa ndi makala m'mawa ndi madzulo.
Katondo wa ku Namwera amamukonda chifukwa cha khungu lake basi.
Akalimwaza pa lilime namva mchenga ukulira,
amagwedeza mutu, nauza wa kabaza amange thumba.

Pakhonde pawo pali mtondo wosasinjidwamo chimanga.
Mumalowa mapale,
mbaula zophulika m'ng'anjo, mtsuko womwe mbuzi inagwetsa.
Amasinja, amasefa, nathira ufawo m'dongo latsopano.
"Lomwe linapsapo kale siliopa moto,
limagwira linzake dzanja."

Ndinatsuka chitini cha mkaka.
Sabata yoyamba ndinakanda zonse pamodzi, mwaphuma,
mitundu isanu ndi iwiri inafera m'manja mwanga
n'kutsala chimbulu chotuwa ngati matope a pamjigo.
Ndinatukwana. Asifati anaseka mpaka kutsokomola.
"Chibise m'kati," anatero. "Ndani anaonapo mtima wa mkanda?"

Tsopano chotuwacho ndimaumba timibulu,
n'kutiveka kansalu kopyapyala ka buluu.
Zidutswa zina ndimazidula tizing'onoting'ono,
kuzipota kawiri kokha, n'kuleka,
zisanaiwale mayina awo.
Zimatuluka mizeremizere ngati chitenje chogwa m'mvula.
Uvuni wanga ndi wamagetsi, wobwereka,
ndipo magetsi akathima pakati pa ntchito
ndimakhala pakhonde la Asifati kuwathandiza kusefa.

Loweruka lapitali pamsika wa paboma
mayi wina wa ku chipatala analambalala ndolo zanga zonse zoyezedwa bwino
natola za m'chitini.
Dzulo watumiza uthenga: akufuna zina zinayi,
mtundu womwewo ndendende, za pachinkhoswe.

Ndatsegula chitini, ndayang'anamo.
Chikasu chija chinatha mu Epulo,
ndipo sindikumbuka chomwe chinagona pambali pake.