Dzanja M'mimba mwa Tsekwe

Bambo anga, a Clement Ackroyd a ku Bradford,
anagona chagada pansi pa tebulo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi
ndipo Lachisanu lililonse ankalandira malipiro.

Tsekwe woyamba wa tiyi wa Pickersgill anali wamoyo.
Mu 1958, kanema akadali wakuda ndi woyera,
anamuveka kachipewa, namuimika pambali pa kapu.
Iye anajompha wojambula pakhutu,
nasiya chitosi pansalu yoyera,
ndipo Khirisimasi itafika, bwana wa kampani anadya bwino.

Ndiye anasoka wina wa thonje ndi waya,
maso ake mabatani a jasi,
khosi lake lautali wa mkono wa munthu.
Mkonowo unali wa bambo.
Anamutcha Dorcas.

Nthawi ya seveni madzulo sewero likadukiza,
Dorcas ankapendeketsa mutu, kusuzumira m'kapu, gwa! kuima,
kenako kufunsa dziko lonse:
"Kodi ketulo yawira?"
Mumsewu mwathu nyumba ndi zogundana makoma,
tinkamva mipando ikukwekwereka, mipope ikutseguka,
malikhweru a maketulo kuyambira nambala wani mpaka kutchalitchi.
Ine ndikanena kusukulu kuti ajawa ndi bambo anga
anzanga ankalira ngati atsekwe mpaka belu.
Mawu a Dorcas anali a mayi wina wa ku London.
Iye ndi bambo sanaonanepo.

Kanema wamitundu atabwera
zinaululika kuti Dorcas ngwakuda ndi litsiro.
Mayi anamuchapa m'bafa yathu,
namuyanika pakati pa masokosi ndi malaya a kuntchito,
aneba akusuzumira pampanda.

Kenako kunabwera timatumba.
Bambo ankati muli fumbi losesa pansi m'fakitale,
kunyumba ankafuna masamba, masupuni atatu, mphika wofunditsa.
Koma m'mawa ankapita kukagona malo awo aja
ndi kuvinitsa tsekwe ndi katumba kukamwa.
Lendi samva kukoma kwa tiyi, ankatero.

Mu 1978 anafika anyamata a mataye otambalala,
mapepala odzaza manambala m'manja.
Akuti anafunsa amayi mazana anayi
ndipo nsalu yatha fasho.
Dorcas watsopano anali wojambula, wowonda m'chiuno, wothamanga.
Wotsatira wake anabadwira m'kompyuta
ndipo, Mulungu ndi mboni, anali ndi mano.
Bambo anadzuka pampando, nathimitsa kanema,
nakathirira nyemba zawo mvula ikugwa.

Lero kulibenso tsekwe.
Kuli nthunzi, limba lolira pang'onopang'ono,
ndi mtsikana wa juzi yaikulu woyang'ana pawindo.

Phewa lawo lamanja silinatsikenso.
Akamayankhula, dzanja linkawatsogolera,
zala zinayi pamwamba, chala chachikulu pansi, kutsegula, kutseka.
Kuchipatala, lilime litauma,
dzanjalo linatuluka m'bulangete,
n'kupendekeka kwa namwino.
Namwinoyo anali wamng'ono, anaganiza kuti akufuna mapiritsi.
Ine ndinapita kukafuna ketulo.

Mwezi watha ndinamupeza Dorcas m'nyumba yosungira zakale,
m'bokosi lagalasi, pakati pa wailesi ndi chitini cha mabisiketi.
Diso limodzi analisintha, si batani lija.
Kapepala kakutchula kampani, zaka, ngakhale telala amene anamusoka.
M'mimba mwake alowetsamo ndodo.
Khosi lili njo! ngati msilikali,
iye amene moyo wake wonse sanaimepo choongoka.

Ndinatsikira pansi pogulitsa zakumwa.
Tiyi wa m'kapu yapepala, mapaundi atatu,
katumba kakuyandama, chingwe chili lende.
Ndinapinda dzanja, ndi kumufunsa mnyamata wogulitsayo
ngati ketulo yawira.
Anandiyang'ana, nayang'ana dzanja langa,
nati kuno timagwiritsa makina, amayi,
mkaka uli patebulo apo.