Onetsani Manja, Azakhali

Tsogolani, mwana wa mlongo wanga, akuti:
Azakhali, anthu sachita chidwi ndi chithunzi chothaitha,
onetsani manja.
Ndiye wasanja njerwa patebulo,
wagoneka foni pamwamba, diso lake lasuzumira pansi,
ine ndikugoba labala ndi kampeni
m'kachipinda ka lendi ku Jeppe
momwe kale ankasokeramo maovolosi.

Manja ake ati? Awa?
Inki inalowa m'zikhadabo
chaka chomwe ndinatsika basi pa Park Station,
sopo wa mtundu uliwonse anagwada.

Ntchito yanga imayenda chafutambuyo.
Dzina ndimalilemba chobwerera kuti papepala liwerengeke,
pomwe ndachotsa ndi pomwe pamawala,
pomwe ndasiya pamada bii.
Lero mwanayu akuti ndiphunzire chinanso:
kucheza ndi galasi
ngati kuseri kwake kwakhala mlendo amene wavula kale nsapato.

Muziika cha m'ma faifi, akutero,
mzere wa matakisi pa Bree ukafika pakona,
aliyense khosi lili zyoli pafoni.
Osakhuthula zonse tsiku limodzi,
muzinyenya ngati shuga wa kumapeto a mwezi.
Mtengonso muzilemba. Manyazi sagula bandulo.

Lolemba ndinaika chomwe ndinachikhetsera thukuta masabata atatu,
nsanja ya Hillbrow, nkhunda zili balala.
Mitima isanu ndi iwiri.
Umodzi wa Tsogolani.
Umodzi wanga, chala chinaterereka.

Lachinayi magetsi anathima ndili pakati podinda.
Pepala linasuntha mumdima,
mayi wootcha chimanga pa Jules Street
anatuluka ndi nkhope ziwiri,
ina ikuyang'ana makala, ina basi yodutsa.
Ndinati nditaye.
Mwanayo anatsomphola, anajambula, anaponya osandifunsa.
Kutacha foni ili njenjenje ngati yagwidwa malungo.

Wina wa ku Melville akuti:
Zokongola zedi, ndipatseni ulere, ndikutchukitsani.
Kutchukako ndinakakuyesa pasitolo ya Msomali,
buledi sanatsike pashelefu.
Wina sanapemphe n'komwe.
Ndinakumana naye mayi wanga wa nkhope ziwiri pa Small Street
ali pachifuwa cha mnyamata wosamudziwa,
dzina langa atalidula ngati mchira wa buluzi.
Chiyambire tsikulo ndimaligoba pakati pa makala,
wofuna kulichotsa apse zala.

Kenako usiku wina, uthenga wa mawu.
Chichewa cha ku Ntcheu,
kumbuyo makina ochapira akulira:
Ndine Nasibeko, ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Randburg.
Chimanga sindiotcha,
koma nkhope ziwirizo ndi zanga.
Ina ndimavala abwana akadzuka,
inayo ndi imene ndimatumiza kumudzi pa Khirisimasi.
Ndi zingati? Ndidzalipira kawiri,
theka mwezi uno, theka wamawa.

Ndinamvetsera katatu, bandulo ikutha ndikuiona.
Pansi pa chithunzicho ndinalemba ndi pensulo:
choyamba mwa chimodzi.
Ndinachikuta ndi katoni ya mazira,
Loweruka tinakumana pafupi ndi wometa wa pa Noord.
Anachitsegula pomwepo mphepo ikukoka ngodya,
anati mphuno mwaikulitsa,
n'kuseka, n'kuchilowetsa m'chikwama pakati pa yunifolomu ndi ambulera.

Tsopano Tsogolani wapeza nzeru yatsopano.
Azakhali, akutero, anthu akonda zolakwika,
lakwitsaninso.
Sabata yonse ndakhala ndikuyesa.
Ndathimitsa getsi ndekha, ndatsinzina,
ndagunda tebulo ndi bondo,
ndadinda ndi dzanja lamanzere ndikuyimba nyimbo ya kwaya.
Pepala likungogwera pamalo pake, ndendende,
mayi aliyense akutuluka ndi nkhope imodzi,
ndipo foni ili pa njerwa paja,
diso tong'o,
kudikira.