Botolo la Lachiwiri

Lachiwiri lililonse ndimalawirira kusukulu ana asanafike.
Ndimawaula kukamwa kwa mpopi ndi kalawi kamoto,
ndimausiya ukhe mphindi zitatu,
kenako ndimatunga botolo limodzi
n'kulembapo tsiku, ola, ndi dzina langa, Murdina.
Ntchitoyi inandigwera chifukwa ndine woyendetsa galimoto ya makalata,
ndipo pa anthu osakwana zana a pachilumba chino
palibe wina anakweza mkono pamsonkhano.

Madzi athu ndi ofiirira chikhalire.
Amatsika m'dziwe la kuphiri atamwa dothi lakuda la m'dambo.
Alendo a ku Glasgow akawaona m'bafa amabwerera chafutambuyo,
amafunsa ngati wina wasambamo kale.
Torquil amawayankha kuti kuno tiyi amatuluka mumpopi,
chongowonjezera ndi shuga.

Koma mwezi uno fungo linasintha.
Osati kwambiri. Kafungo chabe, ka chovala chonyowa choiwalika m'thumba.
Mwana wa Effie, wa miyezi isanu ndi iwiri, anatsegula m'mimba,
aphunzitsi anagona masiku awiri,
m'sitolo madzi a m'mabotolo anatha dzuwa lisanapendeke.
Ndinamata pepala pachitseko: Wiritsani musanamwe.
Mphepo inalichotsa. Ndinamatanso.

Botolo langa limayenera kufika kulabotale pasanathe tsiku,
likachedwa limasanduka madzi wamba, opanda umboni.
Sitima sinabwere Lachiwiri.
Sinabwere Lachitatu.
Ndinaima padoko, botolo m'bokosi lozizira,
nyanja yonseyo ikudzimenyetsa pakhoma,
madzi mbali zonse, osamweka ndi dontho lomwe.
Madzulo ndinakhuthulira botololo m'sinki,
ndikumva manyazi ngati ndataya kalata ya mwini.

Lachinayi tinakwera phiri ndi Torquil,
mvula ikutilasa cham'mbali.
Waya wotchinga dziwe anali atagwa kalekale,
tonse tinkadziwa, tonse tinkati akonza a khonsolo.
Pakamwa pa paipi, pomwe madzi amalowera,
panali nkhosa yaikazi, yotupa, miyendo m'mwamba,
ubweya ukuvina m'madzi pang'onopang'ono.
Pamsana pake panali utoto wobiriwira.
Pachilumba chino wopaka wobiriwira ndi mmodzi yekha.

Torquil anavula chipewa.
Anati, ndinkaisaka kugombe la kumpoto.
Sindinayankhe. Ndinagwira mwendo wakumbuyo, iye wakutsogolo,
tinakoka, inatsalako ina m'manja mwathu.
Potsika sananene nthabwala ya tiyi.
Usiku womwewo ndinaona nyali ikuyenda paphiri,
ndi kugogoda kwa nyundo pamitengo ya mpanda
mpaka tambala wa kwa Effie analira.

Sitima inabwera Loweruka
ndi mabotolo a madzi, ndi mnyamata wa klorini wosanza ulendo wonse,
ndi thumba la makalata.
M'thumbamo munali envulopu yanga, ya botolo la masabata awiri apitawo:
madzi anu ali bwino, palibe chodetsa nkhawa.
Ndinaiwerenga nditakhala m'galimoto, injini ikulira.

Lero pepala lachoka pachitseko.
Mumpopi mukutuluka fungo la chipatala,
zomwe akuti n'zabwino.
Ndapereka makalata kwa Effie, wandiimitsa pakhomo,
mwana ali m'manja, masaya ayamba kubwerera.
Wafunsa, Murdina, iwe ndiye umadziwa, ndimumwetse?

Ine ndimadziwa kuwaula mpopi,
kuwerenga mphindi zitatu, kulemba dzina langa mosakhota.
Za m'kati mwa madzi zimandipeza zitakalamba kale.
Ndamuuza kuti awiritse kaye sabata ino yokha.
Wati, unateronso sabata yatha.

Ndafika kunyumba, ndatunga kapu yodzaza,
ndaiyang'ana pawindo, yofiirira ngati kale,
phiri likuoneka mozondoka m'kati mwake.
Pachilumba wina amayenera kuyamba.
Ndamwa theka.
Theka linalo ndathira m'ketulo.