Diso la Singano

Zinayamba ndi ulusi.
Lachiwiri lina, pakhonde la sitolo ku Ngabu,
ndinaunyambita kasanu,
kasanu konse unaphonya diso la singano.
Ndinanamizira fumbi la malole a thonje.
Ndinanamizira dzuwa la Okutobala, lija limang'amba nthaka.
Mkono wa yunifolomu ndinausokera chagada,
mwini mwana anaseka, nane ndinaseka nawo,
koma usiku umenewo nyali inavala mkombero
ngati mwezi wolosera mvula.

Kuchipatala anandiyatsira katochi m'maso,
natchula dzina lalitali lachizungu
lomwe linandipulumuka ndisanafike pageti.
"Mwachedwa, bambo. Wotsatira!"
M'manja anandifumbatitsa pepala.
Akuti zonse zinali pamenepo:
kopita, woonana naye, tsiku lobwerera.
Pepala. Kwa ine.
Ndinalipinda kanayi, thukuta linalidya m'thumba la malaya.

Kunyumba aliyense anasanduka dokotala.
Mlamu anabwera ndi masamba ofinyira m'maso.
Wina anati ndi telala wa pafupi ndi chigayo, wandiponyera.
Fulukiya, mkazi wanga, anabisa sizasi, anabisa mpeni,
nandikhazika pansi pa nimu
ngati thumba la mapira lodikira ogula.
Alendo ankafunsa iye: "Adya koma?"
ine ndili pomwepo, makutu ali tcheru.

Miyezi isanu. Mbuzi zinandizolowera,
zinkabzikula pamapazi panga.

Ndiye mmawa wina, go, go, go, ndodo panjira.
Mayi Nyamphinga a ku Bangula,
amene mdima unawapeza kale, ana awo akadali kumsana.
Sanati pepani.
Anati, "Dzukani. Kuchoka pano kukafika kuchimbudzi, mapazi angati?"
Sindinadziwe. Pakhomo pomanga ndekha!
Makumi awiri ndi atatu, tinawerenga,
la khumi ndi chimodzi lili ndi muzu.
Anandionetsa kapindidwe ka ndalama,
ya sauzande pakati, ya faifi handiredi pangodya.
Anati mwera ukandimenya tsaya lamanzere
ndidziwe kuti ndalunjika kolowera dzuwa,
ndipo tala amadziulula yekha ndi moto wake kuphazi.
Kenaka anamasula mfundo ya mpango,
natulutsa kawaya kopyapyala ngati tsitsi,
nakalowetsa m'diso la singano,
ulusi n'kutsatira ngati kamwana ka mbuzi.
Ndinalira.
Anati, "Lirani msanga, wakabaza akundidikira."

Tsono inu a katochi, sindikusungirani mangawa.
Maso simukanawabweza, ndinamva.
Koma tsiku lija mukanandipatsako mphindi zisanu,
mukananena ndi pakamwa, m'Chichewa kaya m'Chisena,
mukanaitana Fulukiya alowe, nayenso amve
kuti wachoka ndi maso, mwamuna wake alipo.
Mukanangoti: kuli mayi ku Bangula, woyenda ndi ndodo yoyera,
kampezeni.
Miyezi isanu ija ndani adzandibwezere?

Ndipo mvula ikadzachuluka kumtunda,
Shire n'kudzuka usiku kufunafuna pogona,
chenjezo lanu musadzangolikhoma pamtengo.
Tumani mawu. Tumani munthu
woti ndimugwire chigongono,
osati wondikoka malaya ngati ng'ombe ya pamsika.

Lero ndapinda chitenje, mpendero umodzi wokha.
Wakhota pang'ono, akutero Fulukiya,
ndipo chala chatuluka magazi.
Sizasi wandibwezera, ali mu kabati, kudzanja lamanja.

Mawa ndikwera kabaza wa ku Miseu Folo.
Kuli mnyamata wodula nzimbe, dzina lake Zuze,
akuti masiku ano chikwanje chikumuphonya phesi.
Akuti wayamba kunamizira utsi.